Kabuku Kabuluu ka Remberto

Bambo Ataíde Vilalva ali ndi zaka 71. Ali ndi basi imodzi, galaja ya malata kumtunda kwa doko la Corumbá ku Brazil, ndi mkazi wawo Dona Clarinda, amene akhala naye zaka 46. Kale mabasi anali awiri. Ntchito yawo ndi kutenga ana a m'midzi ya alimi kunja kwa tauni, kuwatula kusukulu m'mawa ndi kukawabweza masana. Anayamba ali ndi zaka 15, akukweza ng'ombe m'malole. Chigwirire chiwongolero sanaphepo munthu pamsewu. Akamanena zimenezi sanyada ayi. Amangonena monga mmene munthu amanenera kuti alibe matenda a shuga.

Pagalaja pawo pali lamulo limodzi. Makiyi amakhala m'thumba mwawo, ndipo dalaivala asanalandire kiyi m'mawa, amayamba wawauzira mpweya kumaso. Bené, dalaivala wawo wakalekale, amene ankawatchula Seu Ataíde monga wantchito amatchulira bwana, sankalephera kudandaula.

"Seu Ataíde, ngakhale mkazi wanga sanandiyandikepo chonchi chidutsire Khirisimasi."

"Uzira, usiye kulongolola."

Ananunkhiza anyezi, fodya ndi mano owola kwa zaka zambiri. Mowa anaupeza kawiri, ndipo anthu awiriwo anachoka m'mawa womwewo.

Remberto Justiniano anafika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo kuchokera ku Bolivia. Anthu a ku Bolivia amawoloka malire tsiku ndi tsiku kudzagulitsa zovala ndi adyo, ndipo palibe amene amawafunsa kanthu. Uyu anali wamfupi, wotsimphina mwendo wakumanzere, wosalankhulalankhula. Anaima pachipata cha galaja n'kumamvetsera basi imene inkatsamwa.

"Pampu ya dizilo ikuyamwa mpweya, bwana," anatero.

Inkayamwadi. A Ataíde anali atataya masiku atatu akufunafuna vutolo kwina. Anamupatsa sipanala, ndipo kuyambira tsikulo Remberto ankabwera m'mawa uliwonse.

Chaka chisanathe anatengana ndi Ivanir, mwana wa mayi wochapa zovala wa kuseri kwa galaja. Mwana wawo anabadwira m'nyumba, masana a mvula yaikulu, msewu wopita kuchipatala utasanduka mtsinje. Anabadwa wosalira, milomo itada. Kuno mwana safa wosabatizidwa anthu akuyang'ana. Wansembe akakhala kutali, amathira madzi ndi amene ali pafupi. Amene anali pafupi anali a Ataíde. Anathamanga ndi manja a girisi, Dona Clarinda ananyamula khandalo, iwo anatunga madzi m'kapu yachitsulo n'kuthira pamutu, akutchula dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Mwanayo anatsokomola, kenaka analira. Anamutcha Nilza. Patapita miyezi iwiri anakaimiriranso naye m'tchalitchi kuti wansembe amalize zotsala.

Kuyambira pamenepo a Ataíde ndi Remberto anakhala ma compadre, akazi awo ma comadre. Munthu amene dzulo ankamuti iwe, tsopano ankamuti inu. Compadre si mnzako wamba. M'bale umangomupeza, koma uyu umamulandira wekha pamaso pa Mulungu. Sumutukwana, sumuneneza kwa anthu, ndipo akapempha chinthu chimene uli nacho, sumukaniza. Makolo a a Ataíde anakhala motero, iwonso anakula akudziwa motero. Sanafunse chimene munthuyo anathawa kwawo. Mwana akufa m'manja, ndani amafunsa?

Nilza ali ndi zaka ziwiri, kunabwera apolisi awiri ovala wamba. Anakoka Remberto miyendo pansi pa basi n'kumumanga. Nkhani yonse inatuluka sabata yomweyo. Kwawo Remberto anali dalaivala wa basi yochokera kumapiri kutsikira ku Santa Cruz. Anamwa masiku onse a chikondwerero cha Carnaval, anagona maola awiri, Lachitatu la Phulusa m'mawa anagwira chiwongolero. Pagulaye ina basi inagwera kuphompho. Anafa anthu 19, asanu ndi mmodzi mwa iwo ana. Iye anathawa m'chipatala mwendo uli m'chikhakha.

Anakhala m'chitokosi miyezi isanu, kenaka anamutulutsa. Kumuthamangitsa m'dziko sakanatha, chifukwa anali bambo wa mwana wobadwira kuno amene ankadya za m'manja mwake. Mapepala ochokera kwawo opempha kuti akazengedwe mlandu kumeneko anabwera osakwanira, anabwezedwa, ndipo sanabwerenso. Choncho anamuuza zinthu zitatu: azikasayina kupolisi Lolemba lililonse, asatuluke m'tauni, ndipo asagwire ntchito.

Bené atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye akuti dyetsa mwana kuti tisakuthamangitse, koma usagwire ntchito? Azimudyetsa chiyani, mphepo ya kumtsinje?"

A Ataíde sanaseke. Munthu woledzera pachiwongolero anali chinthu chimene ankadana nacho kuposa mbala. Anauza mkazi wawo kuti safunanso kumuona pachipata. Dona Clarinda anapitiriza kusankha nyemba.

"Chabwino. Nanga mwana wathu uja adya chiyani?"

Remberto anabwerera pagalaja Lachiwiri lotsatira. A Ataíde anamuuza ali chiimire.

"Compadre, malo anu ndi pansi pa basi. M'kati ayi. Ngakhale kuisuntha pabwalo pano, muziitana Bené."

"Ndamva, compadre."

Zinayenda motero zaka zisanu. Oyendera malo a ntchito akatulukira pakona, Remberto ankasamba m'manja msanga, n'kukhala pabenchi ndi chikho cha tereré, tiyi wozizira amene amuna amapatsirana pocheza, ngati mlendo wodzacheza. Akachoka, ankabwerera pansi. Mabuleki a mabasi awiri aja sanakhalepo abwino ngati pa zaka zimenezo. Ankawayesa kawiri, nthawi zina katatu, mpaka Bené ankakuwa kuti, "Iwe Mbolivia, ana achedwa kusukulu chifukwa cha chikondi chako ndi matayala!" Nayenso ankauzira mpweya m'mawa ngakhale kiyi sankalandira. Anachita kupempha yekha. Mpweya wake unali woyera chaka chonse.

Kupatula tsiku limodzi. Lachitatu la Phulusa lililonse ankasowa m'mawa. A Ataíde ankamupeza masana kudoko, pansi pa bwato logadabuzidwa, botolo la kachasu lili pambali, akutchula mayina. Anali atawaloweza kuchokera m'nyuzipepala, onse 19, ndi zaka zawo. A Ataíde ankamukweza kumbuyo kwa galimoto, kukamugoneka m'chipinda cha matayala, n'kuuza Ivanir kuti amutuma kukafuna zitsulo. Chaka chachinayi zinachitikanso mu Ogasiti, Lachinayi wamba. Atatsitsimuka anati anaona kamtsikana ka kwawo pamsika, katsitsi koluka michira iwiri, kakugulitsa mandimu. Panalibe chifukwa china. Za tsiku limenelo ankadziwa a Ataíde ndi mkazi wawo basi.

Ndiye kunabwera loya wina wamkazi, wa bungwe la mpingo lothandiza alendo, amene anatengera nkhani yake kukhoti. Patatha chaka ndi theka woweruza anagamula kuti munthu amene dziko silingamuchotse aloledwe kudya thukuta lake. M'tauni ena anang'ung'udza. Ankati ana athu obadwira konkuno akusowa ntchito, pamene chigawenga cha kunja chikuchita kupatsidwa chilolezo. A Ataíde anaona kuti woweruzayo sanalakwe. Munthu woti simungamuchotse, mwina mumudyetse, mwina mumulole adzidyetse. Apo ayi adzaba. Ananena zimenezi poyera, ngakhale kwa ometa tsitsi.

Chimene sanaganizire n'chakuti munthu wa mapepala amathanso kukayesedwa zoyendetsa galimoto. Remberto anapita mwakachetechete, anakhoza ulendo umodzi.

Nthawi imeneyo maso a Bené anali atachita ng'ala, ndipo mpando wake unali utakhala wopanda munthu masabata awiri. Lamlungu lina Remberto anabwera kudzadya nkhomaliro atavala shati yosita. Ivanir ananyamula chikondamoyo cha chimanga ndi tchizi. Nilza, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anapsompsona dzanja la a Ataíde monga mwa masiku onse.

"Ndidalitseni, ababa."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Mano awiriwa wagulitsa kwa ndani?"

Anadya mpunga, nyemba, chinangwa ndi nsomba yokazinga. Mbale zisanachotsedwe, Remberto anatulutsa kabuku kabuluu ka ntchito, katsopano, kopanda ngakhale dontho la inki ya bwana aliyense. Anakaika patebulo, pambali pake n'kuikapo laisensi. Anachitira dala pamaso pa amayi awiriwo. A Ataíde anatsegula kabukuko. Munali chithunzi, dzina, tsiku lobadwa, dziko lochokera. Za phompho munalibe.

"Compadre," anatero Remberto, "chibatizire mwanayu, ndinakupemphanipo kanthu?"

"Simunapemphepo."

"Lero ndikupempha. Mpando wa Bené."

A Ataíde anatseka kabukuko.

"Bweretsani cholembera. Ndikusayinirani pompano ngati makaniko. Zonse zimene dalaivala amalandira, inunso mulandira."

"Sindinapemphe zimenezo."

"Ndi zimene ndili nazo."

"Muli ndi mpando wopanda munthu, compadre. Tauni yonse ikuuona. Zaka zisanu ndagona pansi pa basi yanu ngati galu wothawa dzuwa. Mwana uyu akandifuna amachita kuwerama. Kusukulu anzake amamuti bambo ako ndi miyendo iwiri yotuluka pansi pa galimoto. Ine ndine dalaivala. Ndinayendetsa m'mapiri zaka khumi ndi zinayi m'misewu yoti Bené akanangoiona akanakodzedwa."

"Ndipo anthu 19 anatsala m'mapiri momwemo."

"Ndimawadziwa kuposa inu. Ndikutchulireni?"

"Ndinawamva kale. Kasanu ndi kamodzi."

Remberto anayang'ana m'mbale. Kenaka anayankhula motsitsa mawu.

"Tsiku la Phulusa mudzandipatsa tchuthi. Tsiku limodzi pachaka. Ndidzakhala kunyumba, Ivanir adzandikiyira chitseko."

"Nanga Ogasiti?"

Ivanir anayang'ana mwamuna wake, kenaka a Ataíde.

"Ogasiti watani? Compadre, Ogasiti watani?"

Dona Clarinda anagwira Nilza padzanja n'kutuluka naye kukaona anapiye.

"La Phulusa lili pakalendala," anatero a Ataíde. "Linalo ndidzalidziwa bwanji?"

"Mudzandinunkhiza m'mawa uliwonse. Mphuno yanu sinama."

"Ndimanunkhiza m'mawa. Masana mumakhala nokha, makilomita makumi anayi kuchokera pano, ana 38 ali kumbuyo kwanu. Theka la atsikana aja amaluka michira iwiri."

"Zinachitika kamodzi."

"Kuphompho kuja zinachitikanso kamodzi."

Kunja Nilza ankawerenga anapiye mokweza.

"Ndiye mukundikaniza," anatero Remberto.

"Ndikukukanizani."

Remberto anatola kabuku ndi laisensi n'kuziika m'thumba la shati. Anaimirira, anakankhira mpando pansi pa tebulo bwinobwino.

"Zikomo chifukwa cha chakudya, Seu Ataíde."

Lolemba sanabwere kugalaja.

Dona Clarinda anakhala masiku atatu akungowaikira chakudya patebulo osayankhula. Lachinayi anatsegula pakamwa.

"Munathira madzi ndi dzanja lanu lomwelo. Bambo anga, compadre wawo atapempha ng'ombe yokhayo yamkaka imene tinali nayo, anamasula chingwe n'kumupatsa. Tinamwa khofi wakuda chaka chathunthu, koma palibe anatiloza chala."

"Ng'ombe inali yawo. Ana aja si anga."

"Mukanayenda naye limodzi mwezi umodzi, muone."

"Ndiyende naye mpaka liti? Mpaka ndife?"

Mayiwo sanavomere.

Patapita masabata atatu Bené anabwera akupapasa mpanda ndi ndodo, nkhani ili pamilomo.

"Bwana, Mbolivia wanu wakwezedwa! Tayi, kapusi, nsapato zowala. Amulemba kukampani ya mabasi aakulu a ku Campo Grande. Mipando 44, zimbudzi m'kati momwemo. Akuti woyesa anamuombera m'manja."

"Amanunkhiza kumeneko?"

"Anunkhize ndani? Kumeneko kiyi umachita kutola pamsomali."

A Ataíde anakhala pansi pa tayala. Msewu wa ku Campo Grande amaudziwa. Makilomita opitirira mazana anayi, wowongoka mpaka kugonetsa tulo, madambo mbali zonse, ndi mlatho wautali pamtsinje wa Paraguay. Iwo anakaniza munthu basi yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono m'fumbi, imene kiyi wake anali m'thumba mwawo. Tsopano munthu yemweyo anali ndi basi yaikulu yothamanga patala, kopanda womuyang'ana m'maso. Analingalira masiku awiri. Kukaniza compadre n'koipa, koma anthu ena amamvetsa. Kukamuneneza kwa bwana wake, palibe amene amamvetsa. Tsiku lachitatu anavala shati ya kutchalitchi.

"Mukupita kuti?" anafunsa Dona Clarinda.

"Ukudziwa."

"Mukatero, mwanayo simudzamuonanso m'nyumba muno."

"Ndikudziwa."

Mkulu wa pakampanipo anali mnyamata wa zaka za mwana wawo wotsiriza. Anawapatsa mpando ndi khofi, anamvetsera, n'kutulutsa faelo m'kabati.

"Mapepala ake ali bwinobwino, mdala. Chilolezo cha boma ichi. Laisensi iyi. Dokotala anasayina apa."

"Anapha anthu 19."

"Kuti?"

"Ku Bolivia."

"Ine mabasi anga amayenda ku Brazil. Woweruza anaona zonsezo n'kunena kuti agwire ntchito. Ine ndikhale wanzeru kuposa woweruza?"

"Woweruza anati agwire ntchito. Sanati anyamule anthu. Munthuyu amamwa."

"Kangati?"

"Kamodzi pachaka. Chaka china kawiri."

Mnyamatayo anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati munthu wotopa.

"Mdala, mukandipezera madalaivala khumi omwa kamodzi pachaka, ndiwalemba onse lero lomwe, ndikuwonjezerani ndi nkhuku."

"Mumuchotseko tsiku la Phulusa. Ndipo wina azimuyang'ana asanakwere."

"Ndilemba penapake." Sanalembe. Anatembenuza pepala, n'kuima. "Dikirani. Dzina lanu munati ndani? Vilalva?"

"Ataíde Vilalva."

Anawatembenuzira faeloyo. Pamzere wofunsa munthu amene angachitire umboni za khalidwe lake, Remberto anali atalemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina lawo, ndipo pambali pake analemba kuti compadre.

"Ndimati ndikuimbirani sabata ino," anatero mnyamatayo. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ndiye mwabwera nokha kudzamuneneza? Compadre wanu?"

A Ataíde anasiya khofi wosamwa n'kutuluka.

Mlembi wa muofesimo anali msuweni wa ometa tsitsi. Pofika mawa lake nkhani inali itafika kudoko. Ivanir anabwera kugalaja dzuwa lili paliwombo, atanyamula kaphukusi. Anakaika pabenchi. Munali kadiresi koyera ka ubatizo kamene Dona Clarinda anasoka ndi manja.

"Mukawapatse comadre. Iwo sanandilakwire."

"Comadre, khalani pansi."

"Sindikhala. Tadya m'manja mwanu zaka zisanu, sindikana. Mulungu akubwezereni. Koma mumafuna tizidya momwemo mpaka kufa? Munthu wangoimirira kumene, inu mukukamuthyola mwendo winawo?"

"Anakuuzani za Ogasiti?"

"Anandiuza. Inu munandibisira chaka chathunthu, ine mkazi wake. Koma bwana wachilendo mwamuuza tsiku limodzi."

A Ataíde anadziwa kuti zinali zoona.

"Mawa atandifunsa, ndinganenenso zomwezo," anatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake tikusamuka."

Anasamukira kumtunda, kufupi ndi siteji ya mabasi. Amayi awiri kapena atatu a kumidzi kuja anauza a Ataíde kuti anachita bwino, ndipo wina anawabweretsera maungu. Amuna a kudoko sanawanene kumaso. Ankangotsitsa mawu iwo akafika, ndipo chikho cha tereré chinkachedwa kuwafika. Anali ataimirira ana khumi ndi anayi paubatizo m'moyo wawo. Kuchokera chaka chimenecho palibe amene wawapemphanso.

Mpando wa Bené anayesapo anthu atatu. Wina ankathamangitsa, wina anakana kuuzira, wachitatu anapeza ntchito kumigodi. Popanda makaniko mabuleki anayamba kuwadyera masiku, ndipo msana sunkawalolanso kugona pansi nthawi yaitali. Anagulitsa basi yachiwiri kwa munthu wa ku Ladário. Yotsalayo amayendetsa okha.

Bené anawafunsapo tsiku lina ngati amadandaula.

"Ndidandaule chiti? Kumukaniza, kapena kukanena?"

"Chilichonse."

"Akadzafika pokalamba osagwetsa basi, ndiye kuti ndinalakwira munthu. Akadzagwetsa, ndiye kuti sindinakuwe mokwanira. Usankhe wekha chimene ndizipempherera."

Bené anati iye maso alibe, asamufunse zovuta.

Nilza ali ndi zaka khumi tsopano, ndipo amaphunzira sukulu ya m'tauni. Dona Clarinda amakamuona okha. Remberto amasayina kupolisi kamodzi pamwezi m'malo mwa Lolemba lililonse, ndipo anamulola kutuluka m'tauni pa ntchito. Akuyendetsabe basi ya ku Campo Grande katatu pasabata. Chaka chino ndi chachitatu, ndipo sanachitepo ngozi.